Ubale ndi Mwini Nyumba

Inali itangokwana teni koloko m'mawa, koma dzuwa la Okutobala linali litawotcha kale msewu wathu wa ku Chelstone. Ndinkachokera kumsika ndi tomato pamene ndinapeza ba Nsofwa ataima mkati mwa geti, tsache lili m'manja, akuyang'ana maminibasi kumsewu waukulu.

Getilo ndi latsopano. Chaka chatha dera lathu linalandira thandizo la zinthu ziwiri: chitetezo cha m'misewu, ndi nyumba yogonamo anthu osowa pokhala. Geti, kanyumba ka mlonda ndi magetsi zinatha m'milungu isanu. Nyumba yogonamo ija inathera pa maziko, ndipo pano pamera chisoso. Ine ndine mlembi wa komiti. Lamulo loti wolowa aliyense akhale wolembedwa m'buku, pansi pa nambala ya nyumba, ndinalilemba ndi dzanja langa.

Ba Nsofwa alibe nambala. Kwa zaka zinayi akhala akugona m'nyumba yosamalizidwa kumapeto kwa msewu, ndipo amasesa mabwalo a anthu. Tsiku limene lamulo la bukulo linayamba ntchito pageti, iwo anali mkati. Palibe anawathamangitsa, koma ankadziwa kuti akangotuluka sadzalowanso. Masiku khumi ndi awiri anali asanaponde kunja.

"Mankhwala yanga ya BP yanasila pa Sande," anatero. "Lelo ndiye tsiku langa ku kiliniki."

Mlonda wathu, ba Amock, anakanda kumutu. "Ine nilibe vuto na imwe, mayo. Kuchoka mungachoke. Koma pobwela, ba tcheyamani banakamba kuti wamene alibe mu buku asangene. Nchito nayamba mwezi uno chabe."

Ndinapempha bukulo. Pa nambala 14 panali dzina limodzi, langa. Mkazi wanga Imelda tinamuika m'manda miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Ndinalemba dzina la ba Nsofwa pansi pa langa, kenako ndinafika pa mpata womaliza: ubale ndi mwini nyumba. Mawu ololedwa tinawasankha tokha kukomiti: mkazi, mwana, wachibale, wantchito. Wantchito amafunika kuonetsa chitupa, ndipo cha ba Nsofwa chinatayika kalekale.

Bukulo limakhala lotsegula patebulo, aliyense wodutsa amaliwerenga. Rachael, mng'ono wake wa Imelda, amakhala pa nambala 9, ndipo amadziwa ngakhale tsiku limene ndagula buledi. Dzina la mkazi pansi pa nambala yanga, chaka chisanathe, likanafika kutchalitchi ine ndisanavale nsapato. Kunama kuti ndi wachibale sindikanatha, msewu wonse umadziwa kuti ine kwathu ndi ku Katete, iwo ku Luapula.

Ndinakhalitsa cholembera chili m'mwamba. Thukuta linadonthera papepala.

"Lekani, ba Nkhuwa," anatero ba Nsofwa. "Fafanizani chabe. Muzazibweletsela nkhani." Anandiyang'ana pang'ono, kenako anawonjeza motsitsa mawu. "Imwe ba kum'mawa mumayopa vonse. Mbewa chabe ndiye simuyopa."

"Inu munamaliza anyani onse m'thengo," ndinayankha, "tsopano mwabwera kudzamaliza ife."

Mawuwo anangotuluka okha. Ife a kum'mawa ndi Abemba, mtundu wa ba Nsofwa, timanyozana chonchi, ndipo pamaliro timaikana. Pamaliro a Imelda, amene anandipaka ufa m'mutu ndi kundilanda mpando anali ba Nsofwa omwewa. Anatunga madzi masiku atatu, osapemphedwa ndi munthu, chifukwa ndi ntchito ya mbuya, dzina limene timaitanirana pa ubale wonyozanawu.

Pa mpata uja ndinalemba kuti: mbuya.

Ba Amock anatembenuza buku, nawerenga kawiri. "Iyi siili pa lisiti, ba sekiletale."

"Ba tcheyamani ndi a Chisanga," ndinatero. "Mubemba. Akafuna, aime pamaso pa anthu akane kuti uwu si ubale."

"Nizabalangiza pa miting'i ya pa Chiwelu. Bakafafaniza, ine nilibe mphamvu."

"Ndikudziwa."

Loweruka linali kutali ndi masiku anayi. Rachael akanawerenga bukulo dzuwa lisanalowe, ndipo sindinadziwe ngati mawu amodzi aja angamukwanire. Za pamsonkhano sindinafune kuziganiza.

Ba Nsofwa anatsamiritsa tsache lawo pakhoma la kanyumba ka mlonda. "Musaigwile. Nizaipeza pamene naisiya."

"Ngati ba mbuya banu sibaidya," anatero ba Amock akundiloza ine.

Anakweza chitsulo cha geti, ba Nsofwa anadutsa pang'onopang'ono, atagwira thumba lawo la makadi a kuchipatala. Chitsulo chinatsikanso kumbuyo kwawo. Ine ndinatsala mkati ndi tomato wanga, amene anali atayamba kufewa.

Galimoto yogulitsa makala inaima panja n'kuliza hutala. Ba Amock anatenga cholembera m'manja mwanga, natsegula tsamba la alendo, n'kupita kukalemba nambala yake.