Phulusa la a Sajeni

Nibia anali chogwada pakati pa mitengo yake itatu ya chamba, kutembenuza tsamba ili, kutembenuza ilo, pamene mwamuna wake Wilmar anatulukira kukhonde la kuseri ndi chikho cha tiyi wowawa wa kumeneko, wotchedwa mate, m'manja.

"Tabwerani mudzaone, a Sajeni. Nsonga zonse zachita chikasu."

"Ine za zitsamba zanuzo sizindikhudza," anatero Wilmar. Anakoka mpando n'kukhala chofulatira.

Limenelo linali bodza lamkunkhuniza. Mkuluyu anali ataona chikasucho kalekale mkazi wake asanachione, ndipo chinkamusowetsa mtendere kuposa mawondo ake.

Wilmar Techera anagwira ntchito yaupolisi m'tauni ya Rocha mpaka kupuma, ndipo chamba chimene anazula ndi manja ake chikanadzaza malole. Mmodzi mwa anthu amene anawagwira adakali mnyamata anali Pocho, mchimwene wake wa Nibia. Nibia ankabweretsa chakudya kupolisiko, ndipo Pocho potuluka anapeza wapolisi uja atasanduka mlamu wake. Kuyambira pamenepo awiriwa ankakangana Lamulungu lililonse pambali pa moto wootchera nyama, mpaka onse anamera imvi akukanganabe. Boma litalola anthu kubzala chamba pang'ono pakhomo, Pocho anabzala dala kumpanda wa kumsewu kuti mlamu wake azidutsa pomwepo.

Pocho anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Mkazi wake Zulma anasamukira kwa mwana wawo, m'nyumba yosanja yopanda ndi kadothi komwe, ndipo njere zomaliza za mbewu imene Pocho anaisunga zaka zonsezo anazipereka kwa Nibia. Zinamera zitatu zokha. Nibia sankasuta ngakhale fodya wamba, koma ankadziwa kuti mitengo imeneyi ikauma isanabereke njere, mbewu ya mchimwene wake yathera pomwepo.

Wilmar naye ankadziwa. Pakamwa ankanyoza, koma Lolemba lililonse Nibia akangopita kumsika, iye ankawola phulusa la moto wa dzulo lake, kulithira mozungulira mtengo uliwonse, kenako n'kubwezerapo bwinobwino udzu wouma umene Nibia anayala pansi. Bambo ake ankatero ndi anyezi, ndipo anyeziyo ankakula ngati nkhonya. Chikasu chitayamba, iye anaganiza kuti mitengo ili ndi njala, ndiye anawonjezera phulusa. Chikasu chitakula, anawonjezeranso. Munthu wochita zabwino mobisa savuta kupusa, chifukwa alibe womufunsa.

Nibia anayesa zake zonse. Anaviika zitosi za nkhuku m'ndowa n'kuthirira, anakhuthulira pomwepo masamba a tiyi uja ogwiritsidwa kale ntchito, anafika poiyankhula mitengoyo monyengerera. Masamba atsopano ankatulukabe otuwa, mpaka ena kuyera. Pomaliza anaitana Zulma kuti adzadye nawo Lamulungu.

Zulma anafika nthiti za ng'ombe zili kale pamoto. Anapsompsona Nibia patsaya, n'kuloza Wilmar ndi chibwano.

"Alamu, mwanenepatu. Kusiya kuthamangitsa anthu kwakukomerani."

"Inu alamu mwafupika. Kapena ndi masitepe a kwanuko akukudyani miyendo?"

Zulma anaseka, anavala magalasi n'kulunjika kumitengo. Iye anali atalima chamba limodzi ndi Pocho moyo wake wonse wa m'banja. Anayamba ndi masamba a m'munsi, akuluakulu, obiriwira bwino. Kenako anakwera nawo mpaka kunsonga. Wilmar anali kutembenuza nyama imene sinkafunika kutembenuza, khutu lili konko.

"Iyi si njala ya manyowa ayi," anatero Zulma. "Ikakhala imeneyo, chikasu chimayambira m'munsi, masamba akale n'kumathothoka. Apa akale ali bwino, odwala ndi anthetewa. Taonani, tsamba lachita chikasu koma mitsempha yake ikadali yobiriwira. Mtengo ukulephera kukoka ayironi, chakudya cha m'dothi chobiriwiritsa masamba."

"Ndiye kuti m'dothimu mulibe?"

"Amakhala alimo, koma dothi likasokonezeka mizu siyimupeza. Munathirapo laimu? Mwapaka khoma posachedwa?"

"Ayi ndithu."

"Phulusa?"

Mpeni unapulumuka m'manja mwa Wilmar n'kugwera pa njerwa. Amayi aja sanacheuke n'komwe.

"Phulusa ndingathire bwanji ine, alamu?" anatero Nibia. "Achimwene ankachita kulumbira kuti phulusa lisayandikire mitengo yawo. Palibe amakhudza pano koma ine ndekha. A Sajeniwo ngakhale kuyang'ana sayang'ana."

Zulma anavula magalasi, nkhope itagwa.

"Ndiye zavuta. Ngati si laimu, si phulusa, ndiye kuti mizu ikuwola. Tizule iwiri yodwala kwambiriyi tione m'munsimo, mwina tingapulumutse umodziwu."

Nibia anatembenuka. Anapita kukatenga fosholo, ndipo pobwera ankapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Wilmar anamva thukuta likutsika pamsana, osati la moto ayi. Akanatha kukhala chete, ulemu wake n'kutsala wonse. Zulma akanatulukamo ndi nkhani imeneyi, pofika Lachiwiri tauni yonse ikanadziwa kuti Sajeni Techera amadyetsa chamba. Koma anaona mkazi wake akuika phazi pa fosholo, pafupi ndi tsinde.

"Imani pomwepo!"

Mawu ake anatuluka aupolisi enieni, moti galu wa kuseri kwa mpanda anayamba kuuwa. Amayi awiri aja anatembenuka.

"Mizuyo ili bwino," anatero Wilmar, tsopano motsitsa. "Tachotsani udzuwo."

Zulma anakankha udzu ndi nsapato. Pansi pake panali potuwa kuti mbuu, phulusa lokhuthala kuposa chikhatho, ndipo pamwamba pake panali kafupa ka nthiti kopserera. Anakatola kafupako n'kukakweza m'mwamba.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Fupa."

"Lafika bwanji pano? Mitengo imeneyi imadya nyama?"

"Bambo anga ankathira mu anyezi," anang'ung'udza Wilmar. "Ndimati ndithandizeko. Inkaoneka yowonda."

Nibia anaponya fosholo pambali. Kenako anakhala pansi padothi pomwepo n'kuyamba kuseka, kuseka kotuluka ndi misozi, mpaka kugwira m'mimba.

"Inu a Sajeni! Inu amene mumati zitsamba sizikukhudzani! Nthawi yonseyi ine ndikusowa tulo, chigawenga ndikugona nacho m'nyumba?"

"Zaka zonse zija munalephera kutha chamba cha Pocho pochizula," anatero Zulma, akupukuta magalasi ndi diresi, "lero mwatsala pang'ono kuchitha ndi chikondi. Mayo ine! Akanakhalapo mwini wake, bwenzi atagubuduzika pansi apa."

"Bwenzi atandinena mpaka Khirisimasi," anatero Wilmar.

Anafuna kuseka nawo, koma sanathe. Anamusowa mlamu wake uja koopsa, munthu wamakani amene ankadziwa kumuputa kuposa wina aliyense. Nibia anaona, anadzuka, n'kumupsompsona padazi.

"Chindere changa," anatero. "Mukanangonena."

Nyama inapserera mbali imodzi ndipo palibe anadandaula. Asanadye, Zulma anagamula mlandu: wolakwa agwade. Wilmar anagwada, mawondo akulira, n'kupala phulusa lonse ndi supuni yaikulu ya kukhitchini kuti asadule mizu. Zulma anaimirira pamwamba pake akumwa tiyi wake wa mate, akulamula ngati bwana wa polisi.

"Apo mwasiyapo. Pang'onopang'ono, si kofukula mtembo kuno. Mukatha mutunge madzi a mvula a mumgolomo, muthire ambiri kuti atsuke dothi. Pamwamba muyale kompositi yowola bwino. Mawa mupite kusitolo ya alimi mukagule ayironi wa mbewu, wosungunula m'madzi, ndipo muthire monga alembera, osati monga bambo anu ankachitira ndi anyezi."

"Nanga zitosi zija?" anafunsa Nibia.

"Muyambe mwaleka. Wodwala samukakamiza mbale yodzaza. Ikachira muziipatsa pang'onopang'ono. Masamba oyererawo mwina sabwereranso, musataye nawo mtima. Muziyang'ana amene atuluke kumene."

M'mawa mwake Wilmar anapita kusitolo kuja. Munali anthu omudziwa okhaokha, ndipo wogulitsa anafunsa mokweza kuti ayironiyo ndi wa mbewu yanji, mandimu kapena maluwa.

"Chamba," anatero Wilmar, atakweza chibwano. "Cha malemu alamu anga."

Mkulu wina amene ankasankha mbewu ya chimanga anatsamwa ndi malovu. Wilmar anatenga kabotolo kake n'kutuluka mwaulemu, ngakhale makutu ankamuyaka mpaka kunyumba.

Masiku otsatira anali aatali. Mitengo sinaipireipire, koma sinaonetsenso kusintha, ndipo Nibia ankapewa kuiyandikira kuopa kukhumudwa. Wilmar ndiye ankaiyendera poyera tsopano, magalasi ali pamphuno, manja kumbuyo. Tsiku lina m'mawa, Nibia akukanda ufa wa buledi, anamva kufuula kuseri.

"Mayi! Mayi, thamangani!"

Anatuluka manja ali mbuu ndi ufa. Wilmar anali atawerama pa mtengo umene unadwala kwambiri uja, chala chikuloza koma osakhudza. Pakati pa masamba otuwa panali patatuluka timasamba tiwiri tosongoka, tobiriwira kuti biriwiri kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Mitengo inayo inalinso chimodzimodzi.

Nibia anagwira pakamwa, ufa n'kumupaka mphuno yonse. Analira, ndipo kunali kulira kwa chimwemwe chenicheni. Wilmar anamukoleka dzanja paphewa.

"Mayi," anatero kenako, akuyang'ana kumbali, "lamulo limalola mitengo isanu ndi umodzi pakhomo."

"Ndikudziwa, a Sajeni."

"Ife tili ndi itatu. Ikabereka njere, mundisungireko zanga."

Nibia anamuyang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato.

"Mukazibzala kuti?"

Wilmar anaganiza pang'ono, kenako analoza kudutsa nyumba yonse.

"Kutsogolo," anatero. "Kumpanda wa kumsewu."