Chipale ndi Chiliza

Tisungeni, mwana wanga wamkazi, wakhala akundiumiriza kuti akatsetsereke pa chipale chofewa ngati anzake a kusukulu. Kuno ku Perth, ku Australia, chipale kulibe, mpaka ukwere ndege kupita ku Melbourne. Chaka chino ndinagonja. Tinakhala pa tebulo, foni m'manja, kusankha phiri. Iye ankafuna Falls Creek, ine ndinati Mount Buller chifukwa ndi kufupi ndi mzinda, ndipo mabasi a mtunda wautali ndinatopa nawo. Tinagwirizana za holide ya Julaye, ndipo kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ku Nedlands anandipatsa tchuthi changa chonse cha chaka.

Lamlungu tikuchokera ku tchalitchi, achimwene anga a Davide anaimba kuchokera ku Dedza.

"Achemwali, akuluakulu agwirizana. Chiliza cha amayi timanga Julaye, anthu akamaliza kukolola. Maliro munalephera kubwera, apanso mulephera?"

Ndinangoti, "Ndamva, achimwene."

Tisungeni ndinamupeza akuyesa magolovesi amene anabwereka kwa mnzake Natalie. Ndinamuuza zonse.

"Kuphiriko tipita Seputembala," ndinatero.

"Chipale chidzakhala chitasungunuka, amayi. Ndiponso tchuthi mudzachitenga kuti?" Anayankha m'Chingerezi, osakweza mawu. "Chaka chatha munanenanso zomwezi."

"Iwe, ndi agogo ako amenewo."

"Sindinawaonepo ine."

Anavula magolovesi aja n'kuwaika m'jumbo kuti akabweze mawa lake. Ndinafuna kumukalipira, koma ndinangotenga foni n'kuyamba kufufuza ndege za ku Lilongwe.