Nkhufi za m'Mitengo ya Adada

"Ukazula mtengo umodzi wokha pamenepo, usadzapondenso pakhomo pano!"

Anatero bambo anga aang'ono, a Chikomeni Ziba, ndodo ili m'mwamba. Ine n'kuti nditagwada kale m'khola la nkhumba la mlongo wanga Dyness, kumudzi kwathu kuseri kwa Jenda, chitsulo chokumbira chili m'manja, jekete yoyera ya ku labotale ili pathupi. Mtengo woyamba unali utayamba kale kugwedera.

Mundidziwe kaye. Ndine Dokotala Zondwayo Ziba. Sukulu ndinayamba wopanda nsapato, ndipo palibe anandikankha kumbuyo. Lero pasipoti yanga yachitatu yadzaza zidindo. Ndatumbula nkhumba ku Pretoria, ku Nairobi ndi ku Madrid. Ku Vietnam ndinadya mpunga ndi timitengo osagwetsa ngakhale njere imodzi, eni dziko mpaka kuwomba m'manja. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikulondola kachilombo kamodzi kokha, koyambitsa chigodola cha nkhumba, nthenda yopanda mankhwala imene imasesa khola lonse sabata isanathe. Ndikaimirira pamsonkhano, maprofesa a imvi amatulutsa zolembera.

Koma nkhumba za mlongo wanga weniweni zinali zitafa katatu m'zaka zisanu.

Khola lakelo linali la mitengo ya muwanga imene malemu adada anadula ndi nkhwangwa yawo kalekale, pomanga chibaya, khola lawo la ng'ombe. Kwathu mitengo ya chibaya cha mwamuna satentha ndipo sagulitsa. Imakhala pakhomo ngati kuti mwini wake akadalipo. Ng'ombe zitatha, adada anamangira nkhumba ndi mitengo yomweyo. Iwo atamwalira, Dyness anapitiriza. Chigodola chikamusesa, ankachita zonse zimene alangizi amanena: kukwirira zakufa, kusamutsa khola, kudikira miyezi isanu ndi umodzi. Mitengo yokha ndiyo ankasamuka nayo. Ndipo anamulamula kutero ndani? Ine ndemwe, pa foni, ndili ku Pretoria. "Ya adada usataye ngakhale umodzi." Chithunzi cha kholalo ndinkachionetsa m'misonkhano, ndikunyadira kuti kwathu timamanga zosadyedwa ndi chiswe.

Maso anga anatseguka Lachiwiri la sabata imeneyo, ku Mzimba Boma. Dyness anabwera kudzandichingamira pa depoti, ndipo tili pabenchi kumwa zoziziritsa kukhosi, ndinaona kuti sakusiya kukanda msongolo.

"Loweruka zikubwera nkhumba zina zinayi, adumbu," anatero, akunditchula mlongo m'Chitumbuka chathu. "Zikafa izi, mbwenu ndaleka. Ndipita ku Joni kukachapira anthu zovala. Ana ndikusiyirani, muziyenda nawo m'ndege zanuzo."

"Sizifa. Mlongo wa Zondwayo sachapira munthu. Mwendowo watani?"

"Tizilombo ta m'khola. Ndikatsamira mitengo pothira madeya, timandiluma chomene."

Anakweza chitenje pang'ono. Zipsera zakuda, zozungulira, ngati wina wamudinda ndi chala. Zipsera zimenezo ndinakhala nazo pamkono ineyo, nditapisa dzanja m'mauna a njiri ku Tanzania. Nkhufi. Zimabisala m'ming'alu, zimatha zaka osadya kanthu, ndipo kachilombo ka chigodola kamakhala kamoyo m'mimba mwawo nthawi yonseyo, kudikira nkhumba yatsopano. Ndinali nditalemba mapepala asanu ndi limodzi za nkhufi za m'maiko a eni. M'ming'alu ya mitengo ya adada ndinali ndisanasuzumirepo.

N'chifukwa chake Lachitatu m'mawa linandipeza nditagwada m'kholamo, a Chikomeni akundilozera ndodo, mudzi wonse utazungulira.

"Ng'ombe makumi atatu zinagona m'mitengo imeneyi," anatero. "Inafa ndi iti?"

"Chigodola sichigwira ng'ombe, adada."

"Nkhumbazi akuzipha ndi anthu a kaduka. Tonse tikudziwa. Iwe wangobwera ndi jekete ya ophika buledi kudzanyoza mkulu wanga ali m'manda. Tizilombo takoto tili kuti? Tionetse."

Makina anga oyamwira fumbi anali ku labotale, mtunda wa tsiku lathunthu. Ndinapempha supuni. Ndinavula jekete, kuiyala pansi, n'kuyamba kupala fumbi la m'ming'alu ndi la m'tsinde mwa mtengo. Linaunjikana mulu. Ndinalitakasa ndi chala, magalasi ali pamphuno. Palibe chinayenda. Nkhufi n'zofanana ndi dothi, ndipo zikasokonezeka zimapinda miyendo n'kukhala ngati timiyala.

"Dokotala wa fumbi!" anafuula a Chikomeni. "Ku Ulaya konseko unapitira zimenezi?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Ine amene ndinayankhapo mafunso a maprofesa khumi ndi awiri osamwa madzi, thukuta linatsika mpaka m'masokosi.

Dyness sanaseke. Analowa m'khitchini, n'kutuluka ndi lichero.

"Sunthani, adumbu. Mukuchita ngati simunaonepo munthu akuchotsa miyala mu mpunga."

Anakokolera fumbi lonse m'licheromo, kutembenukira kumene mphepo imapita, n'kuyamba kupeta. Fumbi linauluka. Anapetanso, akugogoda m'mphepete ndi zala, zolemera zikubwerera kwa iye. Kenaka anakhuthulira zotsalazo pa jekete yanga, padzuwa, n'kubwerera m'mbuyo.

Tinadikira. Dzuwa litatenthetsa nsaluyo, kamwala kamodzi kanatulutsa miyendo. Kenaka kena. Posakhalitsa jekete yonse inali kuyenda. Amayi ena anakuwa, kukokera ana kumbuyo. Ndinatola makumi anayi ndi kuziika m'botolo.

A Chikomeni anawerama, kutswanya imodzi ndi chikhadabo. Inatuluka magazi akale, akuda bii.

"Nkhufi zimapezeka m'nyumba iliyonse yakale," anatero, mawu atatsika koma osagonja. "Kachilombo kakoko ndikaone."

"Kameneko sikaoneka ndi maso. Ku labotale zitenga masabata atatu."

"Ndiye dikira masabata atatu. Mitengo tiyiunjike kuseri kwa nkhokwe."

"Nkhumba zikubwera Loweruka, adada. Nkhufi zili ndi miyendo isanu ndi itatu, ndipo kuseri kwa nkhokwe si kutali. Komanso ndikukudziwani. Chaka chamawa wina adzaiona ili pamenepo, yolimba bwino, adzamangira khola lina."

"Ukatentha, si iwe mwana wa Ziba."

Ndinaimirira, kusasa mawondo. "Dzina la Ziba ndalifikitsa kumene inu simunafike ngakhale m'maloto. Simungandilande ndi ndodo. Ndinalamula ndine kuti mitengoyi isungidwe, ndipo yapha nkhumba za mlongo wanga katatu. Kachinayi ayi." Ndinatembenukira kwa Dyness. "Koma khola ndi lako. Nena."

Anayang'ana a Chikomeni, kugwada pang'ono mwaulemu monga anazolowera. Kenaka anamasula mfundo ya pachitenje, natulutsa machesi.

Tinazula mitengo yonse, awiriwiri, popeza palibe mwamuna wa pamudzi anafuna kugwirako. Muwanga suyaka msanga. Unafuka, unalira, unatha masiku awiri ukunyeka. A Chikomeni anaima poteropo chipewa chili m'manja mpaka mtengo wa pachipata, umene adada ankadulapo kamzere ng'ombe ikabereka, utagwira moto. Atatero anavala chipewa n'kumapita. Sindibisa, utsi umenewo unandilowa m'maso kuposa utsi wamba.

Khola latsopano tinamanga kutsidya kwa dimba, pansi simenti, m'mbali matabwa a paini a ku Luwawa. A Chikomeni anatumiza mawu akuti chiswe chidzadya mwezi usanathe. Sichinadye, ndinapaka oyilo wakuda ndi manja angawa.

Masabata atatu atakwana, zotsatira zinatuluka. Mwa nkhufi makumi anayi zija, zisanu ndi zinayi zinali ndi kachilombo ka chigodola, kamoyo. Pepala limene ndinalemba lawerengedwa m'maiko amene sindinapondemo, ndipo pansi pa dzina langa pali la Dyness Ziba, chifukwa njira ya lichero ndi yake. Ku Joni sanapite. Nkhumba zinayi zija zinabereka zonse.

A Chikomeni ndinawatumizira zotsatirazo. Anabweza envulopu yosatsegula. Chaka chonse sanandiyankhe moni, ndipo ndikakhala pabenchi lawo kutchalitchi ankasamukira lina. Inenso sindinapepese.

Chilimwe chotsatira ndinabweranso kumudzi. Galimoto ndinaisiya kwa Dyness, n'kudutsa wapansi kanjira ka kuseri kwa nyumba ya a Chikomeni, kumene kuli khola lawo la nkhumba, la mitengo ya chibaya chawo. Ndinamva phokoso lodziwika, la zala zikugogoda nsungwi. Ndinasuzumira pa mpanda.

Anali okha. Mwamuna wa zaka makumi asanu ndi awiri, amene chibadwire sanagwirepo chiwiya cha akazi, atakhala chonjuta, msana atalozetsa kumsewu, lichero la akazi awo lili m'manja. Ankapeta mokhotakhota, fumbi lambiri likuwabwerera kumaso. Pambali pawo, padzuwa, anali atayala malaya awo oyera a kutchalitchi.