Ng'ombe ya Maina Asanu ndi Awiri

Mu Kuala Lumpur munalibe munthu wodziwa kudya ndalama mokongola ngati Azhari. Anali bwana wamkulu pa kampani ya mapaipi a mafuta, ndipo ndege ankaikwera ngati minibasi: lero ali ku Doha, mawa ku Aberdeen, mkuja ali pakati pa nyanja kukalipira azungu. Koma ulemerero wake weniweni unali kumudzi, ku Pasir Mas. Chaka chilichonse pa Idi ya nsembe ankagula ng'ombe yathunthu yekha. Ng'ombe ya nsembe imanyamula maina asanu ndi awiri, ndipo ena amachita kusonkherana kuti aikwanitse. Pa ya Azhari maina onse anali a banja limodzi, ndipo loyamba kutchulidwa pozinga linali la malemu mayi ake, Mek Som. Bambo ake, a Derani, chaka chonse ankadikira tsiku limeneli.

Mtengo wa mafuta utagwa, kampani inayamba kuchotsa mabwana, poti ndiwo ankadya kwambiri. Ku ofesi yothandiza ochotsedwa ntchito, mayi wina anamufotokozera mwaulemu kuti iwo amawerengera malipiro mpaka pa mlingo wina wake, ndipo zopitirira pamenepo saziona. Choncho Azhari ankalandira zofanana ndi kalaliki wake wakale, nazonso zinkachepa mwezi ndi mwezi. Galimoto yaikulu inagulitsidwa, mawotchi anatsatira. Kulikonse kumene ankafunsira ntchito ankamuyamikira kwambiri, kenako n'kumuuza kuti munthu wa msinkhu wake sangakwanitse kumulipira.

Zonsezi a Derani sanauzidwe. Ndiye tsiku lina anaimba foni ali okondwa, kunena kuti ng'ombe ya chaka chino aisankha kale, yalinunda lalikulu, mudzi wonse ukukaiona kukhola. Azhari anangoti chabwino bambo.

Mkazi wake, Salmiah, anamva zonse ali kukhitchini.

"Bambo a Nurin, pitani mukawauze zoona," anatero. "Kapena mukufuna tikazinge inuyo? Mmene mwaonderamu simungakwanire anthu asanu ndi awiri."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake sikunapite patali.

Azhari ananyamuka ulendo wa kumudzi pa kagalimoto ka mkazi wake. Bambo ake anawapeza pa sitolo ya khofi ali ndi anzawo okalamba. A Mamat, amene ankasonkhanitsa anthu ogula ng'ombe mogawana, anaizungulira galimotoyo akupukusa mutu.

"Mwana wa a Derani, galimoto ija mwaichapa ndi madzi otentha? Yafota bwanji?"

"Yaikulu akuipumitsa," a Derani anayankha msanga. "Inu pitirizani kulimbirana mchira wa ng'ombe, mutisiye ife."

Kunyumba anadya mpunga ndi nsomba yowotcha pakhonde. Atasamba m'manja, Azhari anafotokoza zonse maso ali pansi: za ntchito, za chithandizo chimene chinali pafupi kutha, za nyumba imene banki inayamba kuifunsa. A Derani sanamudule mawu. Anayang'ana mitengo ya labala kutsidya kwa msewu, kenako anafunsa kuti ndiye akwanitsa chiyani.

"Gawo limodzi, bambo."

Azhari anati akalankhula yekha ndi a Mamat, koma bambo ake anakana. Anati ndi iwo eni amene ananyoza ogawana ng'ombewo zaka zonsezi, ndiye wokapempha malo akhalenso iwo. M'mawa mwake anavala chipewa chawo choyera, nauza mwana wawo kuti aime patali ndipo asatsike m'galimoto.

Azhari anaonera pa galasi. Bambo ake anaima m'munsi mwa masitepe a nyumba ya a Mamat, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu. A Mamat anatuluka akuseka, pakamwa pali kale chipongwe. Kenako kusekako kunazima. Anatsika, nawagwira a Derani pa phewa, ndipo chifundo chimenecho chinamupweteka Azhari kuposa chipongwe cha dzulo. Malo analipo amodzi, poti munthu wina anali atabwerera m'mbuyo.

Masana onse awiri anapita ku mzikiti kukapereka dzina. Shehe, munthu wa zaka zofanana ndi Azhari, sanafunse chilichonse chokhudza ng'ombe yathunthu ija. Anangofunsa kuti gawoli likhala la ndani.

Azhari anali ataganiza kale. Anatchula dzina la mayi ake.

"Ayi," anatero a Derani.

Azhari anawakumbutsa chapansipansi kuti chimwalirireni mayiwo, dzina lawo silinasowepo pa nsembe, ndipo iyeyo, mkazi wake ndi ana akhoza kudikira chaka china. Mkuluyo anavula chipewa, nachivalanso. 

"Amayi ako anamaliza ulendo wawo, ali m'manja mwa Mulungu. Iwe ndi amene uli panjira, ndipo mvula ikukuvumbwa. Shehe, lembani Azhari, mwana wa Derani."

Shehe anayang'ana Azhari, nadikira. Iye anafuna kutsutsa, koma anangogwedeza mutu kuvomereza, ndipo dzina linalembedwa.

Potuluka, a Derani sanalowere ku galimoto. Anakhotera kanjira ka kumanda, kuseri kwa mzikiti, akuyenda pang'onopang'ono. Azhari atafuna kuwatsatira, anamuletsa ndi dzanja osacheuka.

"Dikira pompo. Ndikawauze ndekha."