Kabowo Komeza Masokosi

Ine ndimaphunzitsa fizikisi, ndipo matenda anga ndi oti mawu akuti "sindikudziwa" amandikanika kutchula. Mkazi wanga amati pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu.

Loweruka lina tikupinda zovala pabedi, mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi, anapeza masokosi atatu opanda anzawo. Anandifunsa kumene enawo amapita. Ndinakhosomola ngati ndili m'kalasi, n'kumufotokozera kuti chimgolo cha m'makina ochapira chikazungulira mwaliwiro, mphamvu yake imaboola kabowo mumpweya. Kabowoko n'kakang'ono, kamameza sokosi imodzi basi n'kutsekeka, n'chifukwa chake mathalauza sasowa. Ndinajambulanso mivi pabokosi la sopo.

Ndinkayembekeza kuti aseka, koma anangogwedeza mutu n'kutenga bokosilo. Ankandiyang'ana mondigomera, ndipo zinandikomera moti sindinamuuze kuti ndi nthabwala.

Patatha milungu iwiri, kusukulu kwawo anaitana makolo kukaona zimene ana akonza pa sayansi. Ana ena anabweretsa nyemba zomera m'mabotolo. Wanga anaima kutsogolo ndi chikatoni, masokosi atatu aja atawabaya ndi mapini, mivi yanga ataikopera mosamala ndi makrayoni. Kenako anayamba kufotokozera anthu za kabowo komeza masokosi kaja.

Makolo anaseka poganiza kuti ndi sewero. Mphunzitsi wake anamufunsa mokoma mtima kumene anawerenga zimenezi.

"Sindinawerenge. Anandiuza ndi adadi, ndipo iwo amaphunzitsa fizikisi. Ndi awo akhala apowo."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Manyazi anandigwira, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinaimirira n'kunena kuti ndinkangocheza naye. Holo yonse inasekanso, ndipo ulendo uno mwana wanga anadziwa kuti akusekedwa ndi iyeyo. Anazula mapini aja imodziimodzi, osandiyang'ana.

Titafika kunyumba ndinamupepesa. Ndinasuntha makina ochapira aja, ndipo kuseri kwake tinapeza masokosi awiri atakutidwa ndi fumbi. Iye anangoti palibe kanthu.

Lachitatu anabwera ndi kope lake, kufunsa chifukwa chake zovala zimauma msanga kukakhala mphepo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinamuyankha zoona zokhazokha, pang'onopang'ono, osakometsera. Anamvetsera mpaka kumapeto, pensulo ili m'manja, koma sanalembe ngakhale liwu limodzi.

"Zikomo adadi," anatero akutseka kopelo. "Ndidikira amayi abwere, ndiwafunsenso."