Maola Atatu a Madzi

Zuwena anafika pakhonde atafumbata ngala za mpunga wofota, mtima ukuwira. Mlongo wake wamng'ono, Alaudin, anali atangobwera kumene kuchokera ku Ulaya komwe ankaphunzira za kompyuta, ndipo ndiye analembera alimi a kudambo la ku Malemia ndondomeko yogawana madzi a m'ngalande chaka chimenecho cha 1974.

"Iwe, anakuuza ndani kuti munda wanga umakhuta ndi maola atatu?"

"Palibe, achemwali. Ndinawerengera ndi fankishoni," anatero Alaudin. "Limeneli ndi lamulo loima palokha. Mukalipatsa kukula kwa munda, limakuuzani maola. Silifunsa kuti munda ndi wa yani."

"Nanga lofunsa kulibe?"

"Liliko, timalitcha methodi. Limenelo limakhala m'kati mwa chinthu chake. Munda uliwonse ukanakhala ndi lakelake, lodziwa dothi lake. Koma inali ntchito yambiri."

"Ntchito yambiri!"

Munda wa Zuwena unali wamchenga, kumathero kwenikweni kwa ngalande, ndipo madzi ankangolowerera pansi ngati ukuthira m'dengu. Ku Malemia konse zimenezi zinkadziwika, ngakhale mbuzi zinkadziwa. Alaudin yemweyo anakula ndi mpunga wa m'menemo.

Zuwena anafikisa ngalazo m'manja, mankhusu okhaokha n'kumwazikira pa mapepala oyera a ndondomeko ija amene Alaudin anayala pakhondepo.

"Ndiye kuti njira yabwino unkaidziwa, koma unaona kutalika kukaponda dothi ndi nsapato zakozo. Tenga izi, uipatse fankishoni yakoyo. Ikuuze chomwe ana anga adye chaka chino."