Pikapu ya a Tidzachifuna

Lachinayi m'mawa, pachitunda cha pafupi ndi msika, pikapu ya a Tidzachifuna inatsokomola kawiri, kenaka ziii. Mafuta anali atatha, ndipo aka sikanali koyamba.

"Amayi, tatsikani mukankheko pang'ono, tingoichotsa pamsewu," anatero a Tidzachifuna, maso ali kumbali.

Akazi awo anatsika ali mu yunifolomu yoyera ya kuntchito, poti amaphika kusukulu yogonera konko. Anakankha mpaka thukuta kamukamu. Nsapato imodzi inatsalira m'matope. Minibasi ina podutsa, kondakitala anatulutsa mutu n'kukuwa, "Limbikani mayi, mufika!" Mayiwo anangopitiriza kukankha, koma amuna awo anadziwa kuti madzulo kuli mlandu.

Dzina loti Tidzachifuna tinawapatsa ndife oyandikana nawo. Bambowa amasunga katundu kufakitale ya sopo, ndipo ndi munthu wabwino zedi. Koma ali ndi nthenda imodzi: sadutsa chinthu chotayidwa. Chitseko chakale, paipi yopindika, njerwa zotsala pomanga, iwo amaima, n'kutola, n'kunena kuti, "Tidzachifuna ichi." Chaka chatha akazi awo anatopa nazo. "Pabwalo panga pano si padzala ayi. Zichoke zonsezi!" Kutacha pabwalo panali mbee. Mayiwo anasangalala, ndipo sanafunse kumene zinthuzo zinapita.

Pikapuyo anasiyiridwa ndi malemu bambo awo, ndipo ankaitchula kuti Mdala. Utoto unasuluka kalekale, chitseko cha kumanzere chimatsekuka ndi chakunja kokha, koma ndi imene inkawafikitsa onse awiri kuntchito tsiku ndi tsiku.

Madzulo ake mlandu unayambadi.

"Abambo, mafuta amene timathira Lolemba kale ankatifikitsa Loweruka. Lero Lachinayi ndakankha ine, mayi wamkulu, ana asukulu akundiona! Achimwene akhala akuifuna galimotoyi kuti azinyamulira nkhuku zawo. Mwezi uno ukatha abwere adzaitenge. Ife tizikwera minibasi."

"Amayi, Mdala ameneyu si ndi amene anakuthamangitsirani kuchipatala tsiku lomwe ankabadwa mwana wathu woyamba?"

"Nthawi imeneyo ankamwa ngati munthu. Pano akumwa ngati chidakwa. Ndalankhula."

A Tidzachifuna anatuluka n'kukakhala pabampala. Zinawawawa kwambiri. Chiwongolero chimenecho anachigwira koyamba atakhala pamiyendo ya bambo awo, ndipo kuigulitsa galimotoyo kunali ngati kuwaika m'manda kachiwiri.

Mwayi wawo unabwera ukuyenda wapansi. M'mawa mwake kunatulukira mayi wa nyumba yoyandikana nawo, amene amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ife tonse timangoti a Ticha. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo sabisa Chichewa.

"Aneba, yanga ili kugalaja. Mundinyamulako?"

"Kwerani, a Ticha. Koma mudikire pang'ono, Mdala akuwotha kaye."

Injini inali ikulira kale payokha, utsi uli tolotolo, pamene mwiniwake anali pakhonde kupukuta nsapato. Atamaliza analowa m'nyumba kukamwa tiyi.

"Mwailiza nthawi yanji?" anafunsa a Ticha bambowo atatuluka.

"Ndisanakasambe. Bambo anga ankati injini izitentha kaye."

"Ndiye inu mukusamba, nayonso ikusamba mafuta! Aneba, injini imatentha msanga ikamayenda. Ilizeni, mudikire kanthawi kochepa kuti oyilo azungulire, kenaka nyamukani mwakachetechete. Mafuta amene yamwa pabwalo pano akanakufikitsani kumsika."

Akazi a Tidzachifuna anawayang'ana amuna awo ndi diso lija. Onse atatu anapanikizana kutsogolo, ulendo unayambika.

A Tidzachifuna ankayendetsa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Pochoka pamaloboti ankaponda moto mpaka injini kukuwa, pofika pamaloboti ena n'kuponda buleki mwadzidzidzi, mitu yonse gwe kutsogolo. A Ticha anagwira chipewa chawo.

"Kodi tikuthawa ndani? Taonani, njinga ija munaipitirira ija yatipeza. Kuthamanga si kufika, aneba. Mukaponda moto kwambiri kenaka n'kuponda buleki, mafuta aja mwangowataya. Onani patali. Mukaona kuti kutsogolo kwaima, chotsani phazi msanga, galimoto ifike yokha. Ndipo giya musamaikakamize kulira chonchi, sinthani msanga mupite yapamwamba."

Atafika potsetsereka, a Tidzachifuna anamwetulira. Apa ndiye anafuna kuonetsa luso. Anachotsa giya, dzanja n'kupita pakiyi.

"Apa ndimazimitsa injini, a Ticha. Timatsika ulere."

"Siyani kiyiyo!" A Ticha anakuwa mpaka mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu anatembenuka. "Bwezerani giya! Mukazimitsa injini buleki imauma, ndipo chiwongolero chikhoza kukana kukhota. Mwana atadumphira pamsewu mungatani? Timafuta ta m'kapu mukufuna kusinthanitsa ndi moyo wa munthu? Chimenechi musadzachitenso, kaya ndilimo kaya mulibe."

A Tidzachifuna anabwezera giya mwaulemu ngati mwana wa sukulu. Akazi awo anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

Koma pachitunda cha kumsika chija Mdala anayamba kubuula. Ankakwera ngati akukoka nyumba. A Ticha anatchera khutu, kenaka anasuzumira kumbuyo, kumene kunali tenti yobiriwira yomangidwa bwinobwino ndi zingwe.

"Kodi mwanyamula chiyani kumbuyoku?"

"Aa, tizinthu basi."

"Tizinthu tanji?"

"Tofunika."

"Mawa ndi Loweruka," anatero a Ticha. "Ndibwera tidzaone tizinthu tofunikato."

Loweruka m'mawa a Ticha anafikadi, ndipo ife ena tinangopezeka taima pampanda, poti nkhani yokoma siitanira. A Tidzachifuna anamasula zingwe pang'onopang'ono ngati akumasula bala. Tenti itachoka, akazi awo anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Si chitseko chija ichi?"

Chinali chomwecho. Pansi pake panali njerwa, malata adzimbiri, mapaipi, theka la geti, matumba awiri a simenti amene anauma n'kusanduka miyala, sinki yosweka, ndi chitsulo china chachikulu chimene ngakhale mwiniwake analephera kutiuza ntchito yake.

"Munati zichoke pabwalo," anatero bambowo motsitsa mawu. "Ndiye zinachoka."

"Chaka chonse chino zakhala zikupita nafe kuntchito?"

"N'kubwerako," anawonjezera a Ticha.

"Ndiye Lachinayi lija ine ndinkakankha njerwa? Ndi yunifolomu yanga yoyera?"

Apa tonse tinaphulika kuseka, ndipo mayiwo anayesa kukwiya koma zinakanika. Anakhala pansi pakhonde n'kuseka mpaka misozi.

"Musawaseke okha," anatero a Ticha. "Ambiri timachita zomwezi, kungoti zathu n'zochepa. Galimoto ili ngati munthu. Mukamusenzetsa thumba la chimanga tsiku lonse, madzulo adya mbale ziwiri. Mdala si chidakwa ayi. Wakhala akugwira ganyu imene palibe anamutuma."

Tinathandizana kutsitsa katunduyo. Chinthu chilichonse chikamatsika, kumbuyo kwa pikapu kunkadzuka pang'ono, mpaka inaima mowongoka ngati yabwerera ku unyamata. A Tidzachifuna anangosiyamo tayala lapadera, jeke, sipanala ndi chingwe chokokera.

A Ticha sanathere pomwepo. Anazungulira galimotoyo akukankha matayala ndi phazi.

"Awa ndi matayala kapena mapilo?"

"Ndimachepetsa dala mpweya kuti amayi asamve mabampu. Msana umawavuta."

Mayiwo anasiya kuseka. Izi sankazidziwa, ndipo zinawakhudza mtima.

"Chikondi chake n'chabwino," anatero a Ticha, "koma njira yake ndi yolakwika. Munayendetsapo wilibala ya tayala lophwa? Imalemera kawiri. Tayala lofewa limadya mafuta, limatha msanga, ndipo likatentha likhoza kuphulika. Muyezo woyenera walembedwa apa pamphuthu pa chitseko, taonani. Muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Za msana wa amayi, agulireni khushoni ndipo pamabampu muzidutsa pang'onopang'ono."

Kenaka anatsekula boneti n'kutulutsa sefa ya mpweya. Inali bii, fumbi lokhalokha.

"Injini imapuma kudzera apa. Tayesani kuthamanga mutatseka mphuno ndi nsanza, muone. Iyi yatha ntchito, mugule ina. Ndipo mupite kwa makaniko akaone mapulagi, asinthe oyilo, aonenso ngati buleki siikugwira yokha komanso ngati paipi ya mafuta siikudontha. Zimenezo n'za iye, ine ndimangophunzitsa kuyendetsa."

"Zonsezi Mdala akhala bwino?" anafunsa a Tidzachifuna.

"Sasanduka mnyamata ayi, galimoto yakale ndi yakale. Koma asiya kumwa mopusa. Phazi lanulo ndiye lisinthe kwambiri."

Tsono panatsala funso lalikulu: katundu uja apite kuti? Mulu wonse unali pakati pa bwalo, pamalo pomwe unaletsedwa. Mayi wa pakhomopo anauzungulira, manja ali m'chiuno. Anagwira chitseko chija, n'kugogoda malata.

"Abambo, inu mumati tidzazifuna. Chabwino, ine ndazifuna lero. Mundimangire kanyumba kosungiramo makala ndi makasu kuseri uku. Zotsala zipite kwa ogula zitsulo zakale."

Nkhope ya a Tidzachifuna inawala ngati mwana amene wapatsidwa mpira. "Mwamva nonse? Ndinkanena ine!"

Masabata otsatirawo tinaona zachilendo. M'mawa kunalibenso utsi wolowa m'mawindo mwathu. Bambowo ankaliza injini akazi awo atakhala kale pampando, pakhushoni yatsopano. Ankanyamuka mofatsa moti tsiku loyamba tinaganiza kuti akudwala. Akafika pageti la sukulu n'kupeza kuti akazi awo sanaweruke, ankazimitsa injini n'kudikira, osati kuisiya ikulira. Zogula za pakhomo ankagulira limodzi pobwera kuntchito, m'malo mobwereranso kumsika madzulo.

Kusintha phazi ndiye kunali kovuta. Pamaloboti, mnyamata wina akawapitirira ndi kagalimoto konyezimira, mwendo unkawayabwa. Koma akazi awo ankangoti, "Achimwene akubwera," phazi n'kubwerera lokha.

Sabata yoyamba, mafuta a Lolemba anadutsa Lachinayi, n'kufika Lachisanu madzulo. Atabwerako kwa makaniko, mafutawo anafika Loweruka, ndipo Lamulungu anapita nawo kukaona mdzukulu n'kubwerako, singano ya mafuta isanagone pansi. A Tidzachifuna ankaitana aliyense wodutsa kuti adzaone singanoyo, ngakhale amene sanafunse.

Mwezi unatha, ndipo mlamu wawo uja anafika monga anapanganirana. Anabwera ndi dalaivala wake ndi chigubu cha mafuta m'manja, poti mbiri ya Mdala anali ataimva. A Tidzachifuna anawalonjera. Lonjezo linali lonjezo, ndipo akazi awo anali asananenepo kuti asintha maganizo. Anatulutsa kiyi m'thumba n'kuika patebulo.

"Alamu, musadandaule," anatero mlendoyo. "Nkhuku zanga ziziyenda ngati mabwana."

Anatambasula dzanja kuti atenge kiyi, koma mlongo wake anafulumira. Anaitola n'kuimanga pansonga ya chitenje.

"Achimwene, pepani mwavutika ulendo. Galimotoyi siikugulitsidwa."

"Iii, chemwali! Si inu nomwe munandiitana, mukuti ndi chidakwa?"

"Chinasiya mowa. Ndipo munthu amene anandithamangitsira kuchipatala ndili pakati pa moyo ndi imfa, ndingamupereke kwa nkhuku? Khalani pansi mumwe tiyi. Pobwerera tikuperekezani pa yomweyi, chigubu chanucho musunge."

A Tidzachifuna anatuluka panja msangamsanga, akuti kukaona matayala. Ife tinawaona ataima pambali pa Mdala, dzanja lili paboneti, akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

Pobwerera kokaperekeza alendo, anaona mpando wothyoka mwendo utatayidwa m'mbali mwa msewu. Phazi linachoka pamoto lokha, galimoto n'kuyamba kuchepetsa liwiro.

"Abambo," anatero akazi awo.

"Ndimangouona, amayi."

"Uoneni tikuyenda."

Anzanga, galimoto yakale ikayamba kumwa mafuta mosadziletsa, musathamangire kuigulitsa kapena kuitukwana. Yambani mwaona zimene mwaisenzetsa, n'kutsitsa zosafunika. Matayala akhale ndi mpweya wokwanira, sefa ikhale yoyera, ndipo makaniko aziiona nthawi yake ikakwana. Musaisiye ikulira pamene yaima, nyamukani mofatsa, ndipo potsetsereka musazimitse injini ngakhale mafuta atadula chotani. Mafuta ambiri sathera mu injini ayi, amathera m'zizolowezi za mwini galimoto. A Tidzachifuna anasintha zawo, ndipo mpaka lero Mdala akuwafikitsa kuntchito, mayi aja ali pakhushoni, yunifolomu ili mbee.